Kufufuza mbiri ya ziwawa za ndale ndi tsankho: kodi ndi ntchito yoti munthu n'kudyerapo?

Mphunzitsi wina wa ku Lundazi, kum'mawa kwa Zambia, watumiza funso ili: "Ndili ndi dipuloma ya uphunzitsi ndipo ndimaphunzitsa History pa sekondale. Agogo anga aakazi ankatisimbira za nkhondo ya a Lenshina ya mu 1964, koma m'kalasi nkhaniyi timangoidutsa pamwamba. Ndikufuna kupitiriza sukulu kuti ndikhale katswiri wofufuza za magulu a ndale zonyanyira ndi nkhanza zochitirana chifukwa cha mtundu kapena khungu. Amalume akuti ndikufukula manda ndipo tsiku lina apolisi adzandigogodera. Akazi anga akufunsa kuti ntchito yotereyi amalipira ndani. Kodi ndi ntchito yeniyeni? Nanga ndiyambire pati?"

Aphunzitsi, mtima ukhale m'malo. Ntchito imeneyi ilipo, njira yake ndi yodziwika, ndipo palibe lamulo la dziko lino loletsa munthu kufufuza zimene zinachitika mu 1964. Komabe amalume anu ndi amayi akunyumba sanafunse zopanda pake. Mafunso awo awiriwo, la apolisi ndi la malipiro, ndi amene amabweza anthu ambiri amene anayamba ndi mtima ngati wanuwu, choncho ndiwayankha mosabisa. Koma muyambe mwadziwa mmene ntchitoyo imakhalira munthu akailowa.

Anthu akamva za wofufuza nkhanza amaganiza za munthu wokalipa pa wailesi, wotchula akupha mayina. Masiku ambiri a ntchitoyi sakhala otero. Mumakhala pa tebulo ndi fayilo ya mapepala ofiirira, kapena mukumvetsera rekoda n'kumalemba liwu ndi liwu zimene gogo wina ananena. Mafunso ake ndi ouma: anachita ndani, anachitira yani, tsiku liti, analamula ndani, anawerenga mitembo ndani, nanga wolemba lipoti ankalembera yani. Mphamvu ya ntchitoyi ili pa kuumako. Kwa zaka zoposa 60 dziko lonse linkadziwa kuti pa Sharpeville, ku South Africa, apolisi anapha anthu 69 pa 21 Malichi 1960, nambala imene inachokera kwa apolisi omwewo. Akatswiri awiri, Nancy Clark ndi William Worger, atabwerera ku zikalata n'kuwerenga dzina ndi dzina, anapeza kuti ophedwa sanachepere 91. Kufupi kuno, ku Tete m'Mozambique, asilikali a Chipwitikizi anapha anthu a ku Wiriyamu pa 16 Disembala 1972, ndipo nkhaniyo itatuluka m'nyuzipepala ya ku London mu 1973 boma la Portugal linakana ngakhale zoti mudziwo ulipo. Mustafah Dhada, wolemba mbiri wobadwira ku Mozambique, anatha zaka zambiri akufunsa opulumuka mpaka anatulutsa mayina 385 a ophedwa. Nduna yaikulu ya Portugal inadzapepesa mu 2022, patadutsa zaka pafupifupi 50. Kutalika kwa nthawiko mukuone musanasankhe.

Mwayi wanu waukulu ndi kumene mukukhala. Chigawo cha kum'mawa chili ndi nkhani zolemera zimene sizinalembedwe mokwanira poyerekeza ndi za ku migodi. Mu Januwale 1898 asilikali a Angelezi ochokera ku Nyasaland anathira nkhondo Angoni a Mpezeni, kenako mwana wake Nsingo anaomberedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo dziko la masikweya mailosi 10,000 linakhala m'manja mwa kampani ya North Charterland. Anthu anakankhidwira m'malo opanikizana kuti azungu alime fodya mozungulira Fort Jameson (Chipata ya lero), mpaka boma linagula mbali yaikulu ya malowo mu 1941. Tsankho la khungu silinkayendera mfuti yokha. Linali m'malire a minda, mu msonkho, m'chitupa, ndi pa kawindo kamene munthu wakuda ankagulirapo nyama. Mu 1972 a Mboni za Yehova zikwi zambiri anathawa ku Malawi, kumene achinyamata a chipani cholamula ankawamenya ndi kuwatenthera nyumba chifukwa chokana kugula khadi la chipani, n'kudzaunjikana pa msasa wa Sinda Misale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zigawenga za RENAMO za ku Mozambique zinkaoloka malire kudzapha ndi kuba m'midzi ya ku Chadiza, Katete ndi Petauke, uku othawa nkhondo akukhazikitsidwa ku Ukwimi. Iliyonse mwa izi ingakwane digiri payokha.

Yanuyo ya ku Lundazi ndi yovuta kuposa zonsezi, n'chifukwa chake ndi yabwino kuphunzirirapo ntchito. Mpingo wa Lumpa, umene Alice Lenshina anayambitsa ku Chinsali m'zaka za m'ma 1950, unakangana ndi chipani cha UNIP cha Kenneth Kaunda pa nkhani ya makhadi ndi misonkhano ya chipani. Otsatira ake anamanga midzi yawoyawo ya mipanda popanda chilolezo cha mafumu, ndipo kumapeto kwa Julayi 1964 mfuti zinayamba kulira ku Chinsali. Kumayambiriro kwa Ogasiti a Lumpa anaukira boma la Lundazi ndi midzi yozungulira n'kupha anthu ambiri. Asilikali anakabwezera pa mudzi wa Chipoma. Patangopita masiku ochepa anthu wamba anazinga mudzi wa Paishuko n'kupha a Lumpa oposa 40, amayi ndi ana omwe. Boma linati onse amene anafa pa mkanganowo anaposa 700, ndipo ofufuza ena amati anali ochuluka kuposa pamenepo. Tsono onani kuti m'sabata imodzi gulu lomwelo linapha komanso linaphedwa. Mukapita ndi maganizo oti mukudziwa kale wonyanyira ndani, mudzangotola umboni wogwirizana ndi maganizowo.

Dziwaninso kuti dzina loti onyanyira kapena zigawenga kawirikawiri amapereka ndi amene ali ndi boma. Mu Malichi 1959 bwanamkubwa Arthur Benson analetsa chipani cha ZANC monga gulu lachiwembu, mtsogoleri wake Kenneth Kaunda n'kupirikitsidwira ku Kabompo. Mu Ogasiti 1964 Kaunda yemweyo ndiye anali nduna yaikulu ya boma limene linaletsa mpingo wa Lumpa. Sindikunena kuti onse ndi amodzi kapena kuti wolakwa palibe. Ndikunena kuti m'kafukufuku wanu mufotokoze zimene gulu linkaphunzitsa, mmene linkakokera anthu, ndi zimene linachita tsiku lakutilakuti, kuti wowerenga aweruze ataona umboni, osati atangomva dzina limene adani a gululo analipatsa.

Za sukulu ndi zachidule. Dipuloma yanu ikwezedwe kukhala digiri yokhala ndi History monga phunziro lalikulu, kaya pa UNZA, pa Kwame Nkrumah ku Kabwe, kapena pa yunivesite ina yovomerezedwa ndi Higher Education Authority, ndipo kuvomerezedwako mukutsimikize musanalipire ngwee. Mukhoza kuphunzira muli pantchito, kumakalowa m'kalasi pa holide. Limbikirani kukhoza ndi merit kapena distinction, poti opereka thandizo la maphunziro amayamba kuyang'ana pamenepo. Kenako masitazi, zaka ziwiri, chaka choyamba cha makalasi ndi chachiwiri cha kafukufuku. Ikatero PhD, zaka zitatu kapena zinayi ngati munthu sakugwira ntchito ina. Kwa munthu wa pabanja amene akuphunzitsa, zaka khumi zonse pamodzi si zachilendo. Uphunzitsi musausiye. Tchuthi cha maphunziro mupemphe kudzera kwa ahedi ndi ku ofesi ya DEBS yoyang'anira maphunziro m'boma lanu, ndipo musanyamuke kalata yovomereza isanafike m'manja mwanu, chifukwa wongochoka amatengedwa ngati wathawa ntchito.

Chimene ofufuza ochokera kunja amavutika nacho inu muli nacho kale, ndicho chinenero ndi kudziwa ulemu wa pamudzi. Koma chinenero chimodzi sichikwana. Ku Lundazi ndi ku Chama mudzafunsa m'Chitumbuka ndi m'Chisenga. Nyimbo za Lumpa zili m'Chibemba. Makalata a amishoni a Dutch amene anayamba pa Magwero mu 1899 ambiri ali m'Chidatchi ndi m'Chiafrikaans, ndipo nkhani za RENAMO kapena za Tete zimafuna Chipwitikizi chokwanira kuwerengera zikalata za ku Maputo ndi ku Lisbon. Posankha mutu mukhale mukudziwa chinenero chimene mutuwo udzakulamulani kuphunzira.

Mutuwo ukhale waung'ono. "Tsankho la mitundu m'Zambia kuyambira 1964" si mutu wa masitazi. Palibe angaumalize, ndipo umathera m'maganizo a wolemba m'malo mwa umboni. Mutu wotheka uli ndi malo, nthawi ndi funso limodzi. Mwachitsanzo, midzi ya mfumu imodzi kuyambira 1962 mpaka 1965, funso n'kukhala loti chinachititsa n'chiyani kuti m'mudzi wina anthu aphane pamene mudzi woyandikana nawo, wokhalanso ndi a Lumpa ndi a UNIP, unakhala bata. Funso lotere limakukakamizani kuyang'ana zinthu zimene zimayatsadi ziwawa: mikangano yakale ya minda, mphekesera za ufiti kapena za adani amene akubwera usiku, mfumu ya mudzi imene inaletsa kapena kulimbikitsa, achinyamata a chipani ochokera kwina, ndi tsiku limene apolisi anafika kapena kuchoka. Kungonena kuti ankadana sikufotokoza kanthu, poti anthu amadana zaka ndi zaka osaphana.

Zikalata zambiri zili ku National Archives ku Lusaka. Mupite ndi kalata ya kuyunivesite ndi NRC yanu, mulipire chiphaso chowerengera, ndipo tsiku loyamba lonse lithere pa mabuku a mndandanda wa mafayilo. Oyamba ndi zilembo EP ndi a chigawo chino, a SEC ndi a likulu la boma la atsamunda. Mufunse mabuku aakulu a maboma otchedwa District Notebook, malipoti a maulendo a DC m'midzi, malipoti a pachaka, ndi zolemba za makhoti ndi za kufufuza imfa. Pa za 1964 pali lipoti la 1965 la komiti yofufuza za mpingo wa Lumpa, limene muliwerenge mukukumbukira kuti linaitanitsidwa ndi boma lomwe linali mbali ya mkanganowo. Makalata a UNIP anajambulidwa mothandizidwa ndi British Library, ndipo ambiri mungawawerenge pa intaneti muli ku Lundazi komweko. Zolemba za ansembe a White Fathers zili ku FENZA ku Lusaka. Popeza mu Ogasiti 1964 dziko linali lisanalandire ufulu, bwanamkubwa akadalipo, makalata ena ali ku Kew ku London, kosungira zikalata za boma la Britain.

Ku Kew kuli phunziro lina. Angelezi pochoka m'maiko amene ankalamulira anatentha mafayilo ena, ena n'kuwatengera kwawo mwakabisira. Zinaululika mu 2011 pamene okalamba a ku Kenya amene anazunzidwa pa nthawi ya Mau Mau anasumira boma la Britain, akatswiri a mbiri David Anderson, Caroline Elkins ndi Huw Bennett akupereka umboni. Mu 2013 Britain inavomera kulipira mapaundi 19.9 miliyoni pa mlandu wa anthu 5,228. Mafayilo obisikawo tsopano ali pa nambala FCO 141, ndipo a Northern Rhodesia alimo. Choncho fayilo ikasowa, kusowako mukulembe: nambala yake, mutu wake, ndi tsiku limene munaipempha.

Zolakwika za ku Archives zimakhala zazing'ono koma zodula. Munthu amajambula masamba mazanamazana pa foni, n'kufika kunyumba osadziwa kuti tsamba liti linachokera m'fayilo iti, ndipo tsamba lopanda nambala ya fayilo silingalowe m'kafukufuku. Yambani mwafunsa lamulo la kujambula ndi mtengo wake. Mukaloledwa, jambulani chikuto choyamba, kenako masamba motsatana, ndipo madzulo omwewo musamutsire zonse pa kompyuta m'foda yotchedwa ndi nambala ya fayiloyo. Musunge malo atatu, pa kompyuta, pa flash yokhala kwina, ndi pa intaneti. Mafayilo a mawa muitanitse lero, kuti m'mawa musakhale manja lende mukulipira malo ogona m'Lusaka. Powerenga lipoti la DC mukumbukire kuti ankalembera bwana wake ndipo ankafuna kuoneka kuti boma lake lili m'manja. Zambiri anazimva kwa amesenjala ndi womasulira, amene anali ndi abale ndi adani m'midzi yomweyo. Nambala za akufa zothera ndi ziro muzizikayikira. Ndipo mukapeza nkhani imodzi m'nyuzipepala, m'lipoti la komiti ndi m'buku, musathamangire kunena kuti mboni zitatu zagwirizana. Nthawi zambiri onsewo anatenga pa chikalata chimodzi cha apolisi, ngati mitsuko itatu yotungidwa pa chitsime chimodzi.

Mbali imene ili ndi changu ndi ya okalamba. Amene anali ndi zaka 15 mu 1964 anabadwa mu 1949, ndiye muwerenge nokha. Komano pali msampha. Yunivesite imafuna kuti komiti yake yoona za chilungamo pa kafukufuku ivomereze mafunso anu musanayambe, ndipo zimene munajambula kale popanda chilolezocho ikhoza kukana kuti zilowe m'pepala lanu. Chimene mungachite panopa ndi kujambula mbiri ya moyo wa achibale anu okalamba, atavomera, mawu a kuvomerako akumveka koyambirira kwa rekoda pamodzi ndi tsiku ndi malo. Zikasungidwa chotero, woyang'anira kafukufuku wanu adzakhala ndi poyambira pokupemphererani chilolezo.

Mukadzayamba mwalamulo, mutsate khomo: kalata ku ofesi ya DC, kukaonekera kwa mfumu yaikulu, kenako kwa mfumu ya mudzi. Wolumpha khomo limodzi amapeza mudzi wonse wauzana kuti ndi kazitape. Munthu mumufotokozere m'chinenero chake kuti mawuwo apita kuti, adzawerenga ndani, ndiponso kuti ali ndi ufulu wokana funso kapena kuimitsa. Musayambe ndi tsiku la imfa. Yambani ndi kumene anabadwira, munda, ukwati, mpingo, ndipo za 1964 zidzafika zokha, kawirikawiri pa ulendo wachiwiri. Ola limodzi kapena limodzi ndi theka ndi lokwanira kwa munthu wokalamba. Za pagulu zimathandiza kudziwa nkhani imene mudzi unagwirizana kunena, koma pa bwalo amalankhula ndi akuluakulu aamuna, ena n'kumangovomera. Zimene zinachitikira amayi mudzazimva pokhapokha pali mayi mnzawo wokuthandizani, amuna atachoka. Zaka musafunse ndi nambala. Funsani ngati anali atakolola, ngati mwana wakutiwakuti anali atabadwa, ngati mbendera inali itasintha. Mudzaona kuti ena aphatikiza zochitika ziwiri kukhala chimodzi, kapena akusimba zimene anamva pa wailesi ngati anaziona. Si bodza limenelo, ndi mmene chikumbumtima chimagwirira ntchito, ndipo n'chifukwa chake mumafunsa kuti iwo anaima pati pamene zinkachitika.

Shuga, mchere kapena sopo ndi ulemu wa mlendo, koma umboni musagule ndi ndalama, chifukwa mudzi ukadziwa kuti nkhani yoopsa imalipira, nkhani zoopsa zimachuluka. Musalonjeze chipukuta misozi. Musatenge mawu a nyumba iyi kukafunsira nyumba iyo, popeza zidzukulu za wopha ndi za wophedwa lero zinakwatirana, zimapemphera pamodzi, ndipo inu mukakwera basi iwo amatsala. Polemba, ola limodzi la rekoda limadya maola asanu mpaka asanu ndi atatu. Mulembe kaye m'chinenero chimene munthuyo analankhula, kumasulira pambuyo, ndipo mayina enieni akhale m'kope lapadera lotsekeredwa, osati m'kompyuta imene ana amaonerapo mafilimu. Za agogo anu muzinene poyera koyambirira kwa pepala lanu, kuti banja lanu linali mbali iti. Oyesa mayeso sadana nazo zimenezo. Chimene amagwetsera munthu ndi kupeza kuti onse amene anafunsidwa ndi a mbali imodzi.

Tsopano za amalume. Akuluakulu anati mlandu suwola, ndipo pa mlandu wakupha ndi zoona ngakhale kukhoti. Ofufuza a ku Boston College ku America anajambula anthu amene anamenya nawo nkhondo ya ku Northern Ireland atawalonjeza kuti mawu awo sadzatuluka iwo ali moyo. Kuyambira 2011 apolisi anaitanitsa matepiwo kudzera kukhoti, ena anaperekedwa, ndipo anthu anamangidwa. Choncho musalonjeze chinsinsi chimene lamulo silingakuloleni kusunga. Munthu akayamba kuulula kuti iye anapha wakutiwakuti, imitsani rekoda, mumukumbutse zimenezi, ndipo mukambe ndi woyang'anira wanu musanapitirize.

Kuno kwathu malamulo oti muwadziwe ndi ochepa. Gawo 70 la Penal Code limaletsa kulankhula kapena kufalitsa mawu odanitsa kapena onyoza anthu chifukwa cha fuko, mtundu, kwawo kapena khungu, ndipo wolakwa akhoza kuikidwa m'ndende. Nyimbo yonyoza ya mu 1963 ikakhala m'pepala la kafukufuku, yofotokozedwa kuti anaimba ndani ndipo chifukwa chiyani, ndi umboni. Nyimbo yomweyo mukaiponya yokha pa Facebook kapena m'gulu la WhatsApp, mwaifalitsa ndinu. State Security Act imakhudza zikalata za asilikali ndi za chitetezo zimene sizinatsegulidwe, choncho pepala limene wina wakupatsirani kuseri musalisunge musanafunse loya. Lamulo la Access to Information la 2023 lingakuthandizeni kupempha zikalata za boma, ngakhale za chitetezo lili nazo malire. Kutchula munthu wamoyo kuti anapha, khoti lisanatero, ndi njira yachidule yosumiridwa. Ngozi imakula nkhani ikamayandikira lero. Za 1898 palibe angakuvutitseni, za 1964 zimakhudza mabanja, koma za makada a zipani zimene zilipo zimakhudza anthu amphamvu. Mu 2021 Dr Sishuwa Sishuwa, wolemba mbiri amene panthawiyo anali pa UNZA, anakanenezedwa kupolisi kuti akuukira boma chifukwa cha nkhani imene analemba m'nyuzipepala.

Ngati mudzafune kufufuza magulu onyanyira a masiku ano pa intaneti, musalowe nawo m'magulu awo mwachinyengo ndipo musatsitse mabuku awo pa foni yanu popanda kalata ya yunivesite yonena kuti ndi ntchito yovomerezeka. Mu 2008 wophunzira wa masitazi ku Nottingham, Rizwaan Sabir, anasungidwa m'chitokosi pafupifupi sabata chifukwa cha buku la al-Qaeda limene anatsitsa kuti afufuzire, ngakhale linali pa tsamba la boma la America. Zambia nayo ili ndi lamulo lake lolimbana ndi uchigawenga.

Pali ngozi ina imene amalume sanaitchule. Kuwerenga za mitembo tsiku ndi tsiku kumalowa m'thupi. Zizindikiro zake ndi kulota zimene mwawerenga, kusowa tulo, kukalipira ana pa zazing'ono, kuuma mtima moti maliro a pamudzi sakukukhudzani, kapena kuyamba kumwa kuti mugone. Mafayilo oopsa ndi zithunzi muziwerenga m'mawa, maola awiri kapena atatu, masana n'kugwira zina zopepuka, ndipo musapite nazo kuchipinda chogona. Mukhale ndi munthu mmodzi wokamba naye, kaya mnzanu wa kafukufuku kapena abusa. Zizindikirozi zikapitirira milungu iwiri kapena itatu, kapena zikayamba kusokoneza ntchito ndi banja, pitani kuchipatala mukafunse a zaumoyo wa maganizo. Ku Chipata Central aliko, ndipo zikakula amatumiza ku Chainama ku Lusaka. Maganizo ofuna kudzivulaza akabwera, musadikire milungu, pitani tsiku lomwelo. Wofunsidwa naye akayamba kunjenjemera kapena kulira kosatonthozeka, nkhani ithere pomwepo, mukhale naye mpaka wachibale afike, ndipo mawa mudutsenso kudzamuona opanda rekoda.

Amayi akunyumba muwayankhe zoona: palibe ofesi imene imalipira munthu mwezi ndi mwezi chifukwa chofufuza ziwawa. Malipiro amachokera ku kuphunzitsa, pa yunivesite kapena pa koleji, kafukufuku n'kumachitika pa holide ndi ndalama zopempha. Malo a ulekichara wa History m'dziko muno ndi ochepa ndipo satseguka chaka chilichonse. Ena amalowa ku National Archives, ku nyumba zosungira zakale za pansi pa National Museums Board, ku National Heritage Conservation Commission, ku Human Rights Commission, kapena m'mabungwe oona za mtendere ndi zisankho, kumene luso loyesa umboni ndi kulemba lipoti lomveka limafunika. Buku la mbiri silibweretsa ndalama yoti n'kuiwerengera. Ubwino wanu ndi woti digiri iliyonse pa njirayi imakukwezani ngakhale mutakhalabe m'sukulu, ndiye banja silitaya kanthu mukaimira pa masitazi.

Ndalama za sukulu ndi za kafukufuku zilipo koma n'zolimbirana. Beit Trust imathandiza a ku Zambia, Malawi ndi Zimbabwe pa maphunziro apamwamba. Palinso Commonwealth, Canon Collins, DAAD ya ku Germany, ndi Chevening imene ndi ya masitazi ya chaka chimodzi ndipo imafuna zaka ziwiri za ntchito. Harry Frank Guggenheim Foundation imapereka ndalama za kafukufuku wa ziwawa basi, ndipo ili ndi gawo la ophunzira PhD a ku Africa. Ku Copperbelt University kuli Dag Hammarskjöld Institute ya maphunziro a mtendere ndi mikangano, ngati mungafune njira yoyandikana ndi History. Onsewa amafuna kuona kuti mumalemba, choncho mutu umodzi wa masitazi muusandutse nkhani ya m'magazini ya akatswiri monga Journal of Southern African Studies. Kumeneko amayankha patapita miyezi, amabweza kuti mukonze, nthawi zina amakana. Magazini imene ikulonjeza kusindikiza m'sabata imodzi mukalipira madola muithawe, chifukwa dzina lake pa CV yanu limakuchotserani ulemu kwa oyesa.

Poyambira penipeni ndi apa. Temu ino mufunse mafomu a digiri, ndipo pa holide mulembe masamba awiri okha: malo amene mukufuna kufufuza, zaka zake, funso lanu limodzi, zikalata zimene mwaziona kale pa intaneti m'mafayilo a UNIP, ndi zinenero zimene mumalankhula. Masambawo muwatumize kwa lekichara mmodzi wa History amene analembapo za nthawi imeneyo, mutayamba mwawerenga nkhani yake imodzi kuti kalata yanu ionetse kuti mukudziwa amene mukumulembera. Akakhala chete milungu itatu, mukumbutseni kamodzi mwaulemu. Akapanda kuyankhabe, tumizani kwa wina.